Galimoto ya magetsi kumene malaiti amazima

Wofunsa: Amalume, boma linachotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto ndi njinga zamoto zoyendera magetsi kuyambira mu 2024. Chaka chomwecho ZESCO inkatizimitsira malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Kuno ku Chadiza tizitchajira chiyani?

Mlangizi: Funso lenileni ndi limenelo, mphwanga. Magetsi ambiri a Zambia amachokera m'madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, ndipo mvula itakana, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, makina anasowa madzi owazungulitsa. Koma usaiwale kuti mafuta nawonso si athu. Dizilo amabwera m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710. Petulo amabwera m'mathanki, ena ochokera ku Beira n'kudutsa pa Chanida. Zonsezo timalipira m'madola, choncho kwacha ikagwa, mtengo wa lita umakwera, wakabaza nayenso n'kukweza. Magetsi, ngakhale ndi ovuta, tingathe kuwapanga tokha, mwinanso padenga pomwepa.

Wofunsa: Bwanji osadikira za haidirojeni? Akuti zimatulutsa madzi okha, utsi ayi.

Mlangizi: Haidirojeni woyera amapangidwa pogawa madzi ndi magetsi omwewo amene ukuti kulibe. Ukamupanga, kumupanikiza m'thanki, kumunyamula, kenako kumusandutsanso magetsi m'galimoto, mphamvu yofika kumatayala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Batire imafikitsa yoposa kawiri pamenepo. Toyota inatulutsa galimoto ya haidirojeni yotchedwa Mirai mu 2014, koma mpaka lero malo othira ndi owerengeka, ndipo Shell inatseka ake a magalimoto ang'onoang'ono ku California mu 2024. Zisiye.

Wofunsa: Ndazisiya. Koma za malaiti aja simunandiyankhe.

Mlangizi: Chifukwa m'mutu mwako muli galimoto yaikulu ya ku Lusaka. Kuno amene amanyamula odwala, feteleza ndi matumba a soya ndi njinga yamoto. Batire yake imadzadza ndi mayuniti atatu kapena anayi, onga omwe umagula pafoni, ndipo mapanelo awiri kapena atatu a sola angapereke mayuniti amenewo tsiku limodzi la dzuwa. Ku Kigali ndi ku Nairobi, makampani monga Ampersand sayembekezera kuti woyendetsa aime maola kudikira tchaji: amafika pamalo osinthira, amasiya batire yotha, amatenga yodzadza, n'kumapita. Malo otere pamsika wa pa boma, okhala ndi mapanelo akeake, sangadalire nthambo za ZESCO. Dziko nalonso lalowera komweko: sola ya ku Chisamba, ya mamegawati 100, inatsegulidwa mu 2025.

Wofunsa: Nanga mu January ndi February, mitambo ikatseka dzuwa sabata yathunthu? Ndi nthawi yomwe misewu imakhala matope okhaokha, njinga imadya mphamvu yambiri.

Mlangizi: Iwe, kodi ndanena kuti dzuwa silibisika? Mapanelo amaperekabe kumitambo, kungoti mochepa, n'chifukwa chake malo osinthira amafunika mapanelo ochulukirapo, mabatire apadera, ndiponso nthambo ya ZESCO ngati yothandizira. Taona momwe nyengo zimasinthanirana: dzuwa limaswa mtengo mu September ndi October, pamene madzi m'madamu akutsika, mitambo imabwera ndi mvula yomwe imawadzadzanso. Ziwirizi zikagwira limodzi, mpata wa mdima umachepa. Kutha sutha, ndipo amene akulonjeza kuti utheratu akungofuna kukugulitsa katundu.

Wofunsa: Batire ikafa, kapena waya akapsa, makanika wake ali kuti? Ku Chipata?

Mlangizi: Zofuna makanika ndi zochepa, chifukwa injini yamagetsi ilibe mapulagi, ilibe oyilo wosintha. Batire ndiyo yodula, koma pa dongosolo losinthana imakhala ya kampani, iwe umangolipira tchaji.

Wofunsa: Ndiye kuti mpaka wina aike ndalama zomangira malo osinthira kuno, zonsezi ndi nkhani chabe.

Mlangizi: Inde, ndipo adzaika akaona kuti akabaza okwanira alembetsa pamodzi.

Wofunsa: Pa njinga ndavomera, pang'ono. Koma yanga ya petulo sindigulitsa mpaka ndione malo amenewo akudutsa February mmodzi osatseka.