Zipika Ziwiri za ku Kalambo

Anzanga ambiri amayesa kuti Jogalafe ndi phunziro longoloweza maina a mitsinje ndi mapiri, ndi kuti munthu akalemba mayeso wathana nalo. Tsono ndifuna kukuuzani za anthu amene amatenga phunziro lomweli naliphatikiza ndi lina lochedwa Archaeology, ndiko kufukula pansi ndi kufufuza zinthu zimene anthu amakedzana anasiya. Maphunziro awiriwa amakomana makamaka ku yunivesite, munthu atalandira kale digiri yace yoyamba. Kuti timvetse cifukwa cace, tiyeni tipite ku Kalambo.

Mathithi a Kalambo ali m'malire a Zambia ndi Tanzania, kufupi ndi tauni ya Mbala imene kale inkachedwa Abercorn. Madzi ace amagwa mamita oposa 200 nathamangira ku nyanja ya Tanganyika. Kumtunda kwa mathithiwo kuli cigwa m'mene mtsinje umayenda mokhotakhota, ndipo nthaka yace yapansi siiuma konse. M'caka ca 1953 Bambo J. Desmond Clark, amene ankayang'anira nyumba yosungira zakale ku Livingstone, anafika m'cigwamo naona zida zamiyala ziri kuonekera m'gombe pamene madzi anagumula. Anabweranso kudzakumba mu 1956, mu 1959 ndi zaka zina zapambuyo, napeza nkhwangwa zamiyala zambirimbiri pamodzi ndi zidutswa za mitengo zosabvunda. Mtengo ukakhala m'dothi lonyowa masiku onse mpweya suufikira, ndipo tizirombo tobvunditsa sitingaudye.

Koma funso loyamba limene munthu ali yense amafunsa ndi lakuti, kodi zinthu zimenezi nza liti? Masiku amenewo njira yatsopano yoyesera zaka inali ya radiocarbon, imene Willard Libby wa ku America anatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Camoyo ciri conse ciri ndi mtundu wina wa carbon umene umayamba kucepa camoyoco cikangofa, ndipo theka lace limatha pa zaka 5,730 ziri zonse. Zikapita zaka monga 50,000 wotsalayo ngwocepetsetsa, sayesekanso ai. Mitengo ya pansi penipeni ku Kalambo inali yakale koposa pamenepo, motero muyeso unalephera. Bambo Clark anamwalira mu 2002.

Mu 2019 kunapita gulu lina lotsogozedwa ndi Profesa Larry Barham wa ku Liverpool, pamodzi ndi akatswiri a nyumba zosungira zakale za ku Livingstone ndi ku Mbala. M'mphepete mwa mtsinje anapeza zipika ziwiri zopingasana. Capamwamba anacisema m'mimba mwace kuti cilowane ndi capansi, ndipo zipsera za zida zamiyala zinali kuonekabe. Wofukula zakale anatha kunena ndithu kuti iyi ndi nchito ya manja a munthu, koma zaka zace sakadazidziwa yekha. Amene anayankha ndiye Profesa Geoff Duller wa ku cigawo ca Jogalafe pa yunivesite ya Aberystwyth, m'dziko la Wales. Iyeyu sanayese mtengo, anayesa mcenga umene unaukwirira.

Apa mumvetsere bwino, pakuti mpokoma. Ganizani mtsuko umene mwauika pansi pa denga lodontha. Mukadziwa kuti pa tsiku pamagwa madzi ocuruka motani, mukhoza kuyang'ana mumtsukomo ndi kunena masiku amene wakhalapo. Timiyala ta mumcenga, makamaka tochedwa feldspar, tiri ngati mtsuko umenewo. M'nthaka muli uranium, thorium ndi potassium pang'ono, ndipo zimenezi zimaturutsa mphamvu yosaoneka imene imalowa m'timiyalamo pang'onopang'ono caka ndi caka. Kuwala kwa dzuwa kumakhuthula mphamvu imeneyo. Cifukwa cace pamene mtsinje unali kunyamula mcengawo poyera, mtsuko unali wopanda kanthu. Pamene mcenga unakwiririka pamodzi ndi zipika zija, madontho anayamba. Wofufuza amakhomera paipi yosalowa kuwala m'khoma la dzenje, natseka kukamwa kwace, napita nayo ku labotale kumene amagwira nchito ndi nyali yofiira yosawala kwambiri. Kumeneko makina amawalitsa timiyalato, ndipo timaturutsa kuwala kwace kumene kumayesedwa. Akagawa mphamvu yonse yopezekayo ndi mphamvu ya caka cimodzi, yankho lace ndilo zaka.

Yankho la ku Kalambo linalengezedwa pa 20 September 2023 m'magazini ya Nature: zaka zosacepera 476,000. Mafupa akale koposa a mtundu wathu wa anthu, amene anapezeka ku Morocco, ali ndi zaka monga 300,000 zokha. Ndiye kuti osema zipikazo anali a mtundu wina umene unatitsogolera, ndipo anali atadziwa kale kulumikiza mitengo.

Tsono wophunzira wotenga maphunziro awiriwa pamodzi amaphunzira ciani? Ku Britain digiri yaciwiri, ya Master, imatenga caka cimodzi kawirikawiri, ndipo ya PhD zaka zitatu kapena zinai. Dzina la nthambi imeneyi ndi geoarchaeology. Coyamba ndi kuwerenga khoma la dzenje monga tsamba la buku: apa panali madzi othamanga cifukwa pali miyala, apa panali dambo cifukwa pali dothi lakuda. Ici ncofunika kwambiri, pakuti mtsinje ndi wakuba. Ukhoza kukokolola nkhwangwa yakalekale ndi kuitaya pamodzi ndi phale la dzulodzuloli, ndipo wosadziwa makhalidwe a mitsinje adzalemba kuti ziwirizo nza nyengo imodzi. Amaphunziranso kuyesa malo, kujambula mapu pa kompyuta mwa njira yochedwa GIS, kuwerenga zithunzi zojambulidwa kucokera m'mwamba, ndi kuzindikira mungu wa zomera zakale wotsalira m'matope, umene umaulula ngati pamalopo panali nkhalango kapena chire.

Wina adzati, kodi mapanga awiri sabvumbwitsa? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo ngozi iripo ndithu yakuti munthu adziwe theka la ici ndi theka la ico. Ncifukwa cace, monga ndikuonera ine, nkwabwino kuti kuphatikiza kumeneku kudze pambuyo pa digiri yoyamba, munthu atazika kale mizu m'phunziro limodzi. Profesa Duller sanasanduke wofukula zakale, ndipo Profesa Barham sanasiye nchito yace kukakhala pa makina. Koma paipi ija iyenera kukhomedwa mumcenga womwewo umene unakwirira cipika, osati m'khwawa limene madzi anakumba ndi kudzaza pambuyo pace, ndipo wosankha malowo ayenera kumva zinenero zonse ziwiri.

Kwa ife a ku sekondale, ofuna njira imeneyi asanyoze mapu a mizere yosonyeza kukwera kwa mtunda, ngakhale amatitopetsa. Asathawenso masamu ndi sayansi, pakuti mwaona nokha kuti zaka 476,000 zinaturuka m'samu yogawa. Ndipo wina akapeza mwala wosemedwa kapena mbiya yakale m'gombe la mtsinje pa nthawi ya chuthi, asaizule ai, kapena kupalasa dothi lozungulira, cifukwa mcenga ukangoona dzuwa suyesekanso. Azindikire malowo bwino, ayese mapazi kucokera pa mtengo kapena thanthwe lodziwika, nauze aphunzitsi kuti alembere kalata a ku nyumba yosungira zakale.