Kodi Mma Ramotswe Angaigwire Ntchito Yake ku Ndirande?

Buku la The No. 1 Ladies' Detective Agency, lomwe analemba Alexander McCall Smith ndipo linatuluka mu 1998, limasimba za Mma Precious Ramotswe wa ku Gaborone m'dziko la Botswana. Bambo ake, omwe anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni monga agogo athu a nthawi ya Wenela, anamusiyira ng'ombe. Iye anazigulitsa n'kutsegula ofesi yofufuza nkhani za anthu mwamseri. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti luso lalikulu la mayiyu lagona pa kudziwa woyenera kumuuza choona akachipeza.

Taonani nkhani ya Happy Bapetsi. Mkulu wina anafika pakhomo pa Happy n'kunena kuti ndi bambo ake amene anasowa kalekale, ndipo anayamba kudya zaulere. Mma Ramotswe anavala ngati namwino n'kukauza mkuluyo kuti mwana wake wachita ngozi, kotero pakufunika magazi ochuluka a kholo lake. Mantha atamugwira, mkuluyo anaulula kuti sanali bambo ake. Chilango chake chinali kulongedza katundu n'kumapita basi. Apolisi sanaitanidwe, ndipo anthu oyandikana nawo sanauzidwe.

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo ndinganene kuti kwathu kufufuza sikuvuta. Nyumba n'zothithikana, khoma limamva. Amayi akamadikira madzi pa kiyosiki amadziwa kale mwamuna amene sanagone pakhomo ndiponso nyumba imene mwalowa wailesi yachilendo. Ankhoswe nawo akhala akugwira ntchito ya Mma Ramotswe kuyambira kale, ngakhale salipidwa. Chovuta chimabwera dzina la wolakwa likatchulidwa. Mawu amodzi okha akuti "Wakuba!" pamsika amatha kusonkhanitsa miyala, tayala ndi petulo munthu asanadziyankhire. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufika ku Blantyre, ndipo anthu anaphedwa popanda umboni uliwonse. Lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe nkhalamba zimatchulidwa ndithu. Choncho wofufuza wa ku Ndirande atati akhalepo, pakamwa pake pangafunike chitseko cholimba kuposa cha ofesi yake. Pamenepa ndikuona kuti kufatsa kwa Mma Ramotswe kukhoza kupulumutsa moyo.

Komabe pali pamene kufatsaku kumandivuta. M'buku lomweli mnyamata wina anabedwa ndi sing'anga, ndipo chizimba chokhala ndi fupa la mwana chinapezeka m'galimoto ya Charlie Gotso, munthu wachuma komanso woopedwa. Mma Ramotswe anamupeza mnyamatayo ali moyo n'kumubweza kwa makolo ake. Owerenga amasangalala, inenso ndinasangalala. Koma buku limatha Gotso asanaimbidwe mlandu, ndipo mwini fupa lija sadziwika. Kuyambira mu 2014 Amalawi taona abale athu achialubino akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha zizimba zomwezi. Ena mwa ogwira mpeni anamangidwa, koma anthu akhala akufunsa kuti ogula mafupawo ndani. Wowerenga wa ku Bangwe kapena ku Machinjiri amene anamva nkhani zimenezi pa wailesi akafika kumapeto kwa bukuli adzafunsabe kuti Gotso anathera kuti.