Ulendo wa pa Ndege wa ku Joni

Kale amuna ambiri a dziko la Malawi anali kunka ku Johannesburg, kumene anthu akutcha ku Joni, kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Ena mwa iwo anayenda pansi njira yonse. Anaoloka Zambezi pabwato, napirira njala ndi ludzu, nagona m'thengo moopa mikango. Ndipo ena sanafike konse. Msewu wa lero wodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge upitirira makilomita 1,800. Munthu wamphamvu, woyenda makilomita 30 tsiku lililonse osapumula, angathe miyezi iwiri panjirayo.

Masiku ano ndege inyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, nikatera pa bwalo la O. R. Tambo, kum'mawa kwa Johannesburg. Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita ngati 1,500. Mtunda umenewu uchepa poulinganiza ndi wa msewu, pakuti ndege sizungulira phiri, sifunafuna mlatho, siima pa malire a maiko. Ingolunjika monga muvi.

Ndege ikakwera pamwamba pa mitambo ithamanga makilomita ngati 800 pa ola limodzi. Mwana wodziwa masamu akagawa 1,500 ndi 800 adzapeza kuti ulendowo suyenera kukwana maola awiri. Koma ulendo weniweni upitirira maola awiri, ngakhale kawirikawiri sufika maola awiri ndi theka. Kodi mwanayo walakwa? Iai, masamu ake ali bwino, koma ndege siyamba ndi liwiro lake lonse. Iyamba yakwawa pansi ndi matayala kufikira pa msewu wake wonyamukira, ndipo pamenepo ithamanga, niuluka, nikwera pang'onopang'ono. Poyandikira kumene ikunka ichepetsanso liwiro, nitsika. Nthawi zina izungulira mumlengalenga kudikira kuti oyang'anira bwalo ailole kutera, pakuti pa O. R. Tambo patera ndege zambiri, ndipo ziwiri siziloledwa kutera pamodzi pa msewu umodzi.

Mphepo nayonso isintha nthawi ya ulendo. Ikaomba kuchokera kutsogolo ndege ichedwa, monga lichedwera bwato lokwera mtsinje. Ikaomba kuchokera kumbuyo ndege ifulumira. Chifukwa chake woyendetsa ndege afunsa za mphepo asananyamuke, natenga mafuta oposa amene ulendowo ufuna, kuti angamthere m'mwamba, kumene kulibe poima.

Dziko la Malawi ndi la South Africa awerenga nthawi imodzimodzi, chotero wapaulendo sasintha wotchi yake. Akanyamuka ku Lumbadzi pa 8 koloko m'mawa, atera ku Joni 11 koloko isanakwane. Mayi amene anatereka nyemba zouma pamoto pamene mwana wake anali kulowa m'ndege angamve kuti wafika iye asanaziphule.