Lachitatu: Chiwerengero cha 144,000

Werengani Chibvumbulutso 7:4-9. Kodi Yohane anamva chiyani, nanga anaona chiyani?

Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba. Tsono munthu ataima pamwamba pa phiri la Zomba nayang'ana nyumba zonse zili m'munsimo, waona kale khamu losatalikira kwenikweni 144,000. Kodi osindikizidwa a Mulungu ndi ochepa chotere? Mamembala a mpingo wathu m'Malawi mokha anaposa kale chiwerengerochi, ndipo alipo abale ena amene amasowa tulo poopa kuti malo anatha.

Tiyeni tichiphwanye. Tikachulukitsa 12 ndi 12 tipeza 144. Tikachulukitsanso ndi 1,000 tipeza 144,000. Tikachigawira mafuko 12, fuko lililonse lilandira 12,000, popanda wotsala kapena woperewera. Kalembera weniweni satuluka chotero. Pa Numeri 1, Yuda anali ndi amuna 74,600, Manase 32,200 okha. Onaninso kuti Dani, amene anali ndi 62,700, sakutchulidwa konse m'ndandanda wa Yohane, pamene Levi, amene Mose sanamuwerengere pamodzi ndi ankhondo, alimo.

Nambala ya 12 ibweranso pa Yerusalemu Watsopano: zipata 12, maziko 12, linga la mikono 144 (Chibv. 21:12-17). Nchifukwa chake tikuona kuti chiwerengerochi ndi chizindikiro cha anthu a Mulungu okwanira, osasowapo mmodzi.

Werengani Chibvumbulutso 14:4, 5. Kodi Yohane akuwazindikiritsa anthuwa ndi makhalidwe otani? Mungamuyankhe bwanji mbale woopa kuti malo anatha?