Chikumaliza mapengwini n'chiyani?

Funso: Mwana wanga ali ku Cape Town. Ananditumizira chithunzi cha mbalame zotchedwa pengwini za ku Boulders Beach, akuti zikutha. Chikuzimaliza n'chiyani? Mayi wa ku Mwanza

Yankho: Mayi, chachikulu ndi njala. Mbalamezi zimadya tinsomba tonga usipa, timene asodzi amakokolola ndi zombo zikuluzikulu. Kale anthu ankatolanso mazira n'kukumba zitosi zomwe mbalamezi zinkaikiramo, kukagulitsa ngati manyowa. Mafuta otayikira m'nyanja nawonso amapha: sitima ya Treasure itamira mu 2000, mapengwini pafupifupi 19,000 anamatika mafuta, ndipo bungwe la SANCCOB linatsogolera ntchito yowasambitsa. Pofuna kuthetsa njalayi, mu 2025 khoti la ku Pretoria linavomereza kuti kwa zaka 10 asodzi asamaphe tinsombati pafupi ndi malo 6 omwe mbalamezi zimaswerana.