Sikelo sinasunthe, koma lamba akuthina

Zikomo bambo athu a ku Zomba chifukwa cha kalata yanu. Mwati chipumireni pa ntchito yauphunzitsi sikelo ikuonetsa makilo omwe aja, koma lamba akuthina, miyendo yawonda, ndipo podzuka pampando mukuchita kugwira tebulo.

Bambo, musadalire sikelo yokha. Munthu akapitirira zaka 60 minofu imayamba kutha msanga, makamaka akamangokhala, ndipo mafuta amaunjikana pamimba. Mafuta apamimbawa ndi amene amandidetsa nkhawa, chifukwa amayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi BP. Kale munkayenda wapansi kupita kusukulu, n'kuima pabolodi mpaka kuweruka. Lero mumaswera pakhonde, koma mitanda ya nsima sinachepe.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza achikulire kuti pa sabata azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kuthirira kudimba, zonsezo n'zowerengeka. Koma kuyenda kokha sikubweza minofu. Kawiri pa sabata khalani pampando wolimba, manja pachifuwa, dzukani, khalaninso, mpaka ka 10. Nyamulani ndowa ya madzi yosadzaza. Muziimanso ndi mwendo umodzi mutagwira khoma, chifukwa kugwa kumathyola chiuno cha okalamba ambiri. Kuti minofu ilimbe, pambale pasasowenso nyemba, usipa kapena dzira.

Musanayambe, kayezetseni BP ndi shuga kuchipatala. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, siyani pomwepo mukaonane ndi adokotala. Mudzatilemberenso, bambo, timve mmene miyendoyo ikuchitira.