Zizolowezi za Kafotokozedwe m'Mabuku a Asamurai Olembedwera Achinyamata

Mawu oyamba

Munthu amene wawerenga mabuku atatu kapena anayi a nkhani za asamurai olembedwera achinyamata savutika kulosera zomwe zichitike m'buku lachisanu. Amadziwa kuti makolo a mpangankhani wamkulu amwalira m'masamba oyambirira, kuti munthu wina wamphamvu amutola, kuti amupatsa dzina latsopano, ndiponso kuti lupanga alilandira atavutika kaye. Zinthu zomwe zimabwerezedwa chotere m'mabuku a alembi osiyanasiyana tizitcha zizolowezi za kafotokozedwe. M'nkhani ino tiona zizolowezi zisanu, ntchito imene chilichonse chimagwira, komanso zimene zizolowezizi zimabisira mwana wowerenga.

Asamurai anali gulu la ankhondo a ku Japan. Atsogoleri awo analamulira dzikolo kwa zaka pafupifupi 700, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 mpaka m'chaka cha 1868. Mabuku amene tiwaunike kwambiri ndi awa: The Sign of the Chrysanthemum la Katherine Paterson la 1973, The Samurai's Tale la Erik Christian Haugaard la 1984, The Ghost in the Tokaido Inn la Dorothy ndi Thomas Hoobler la 1999, Across the Nightingale Floor la Lian Hearn la 2002, ndi The Way of the Warrior la Chris Bradford la 2008. Onsewa analembedwa m'Chingerezi, ndipo palibe mlembi ndi mmodzi yemwe pakati pawo amene ali wa ku Japan. Mfundo imeneyi tibwereranso.

Mwana wamasiye

Chizolowezi choyamba ndi cha umasiye. M'buku la Haugaard, banja la Taro likuphedwa ndi asilikali a Takeda Shingen iye akadali wamng'ono. M'buku la Hearn, Tomasu akubwerera kuchokera kuphiri n'kupeza mudzi wake wa Mino utatenthedwa ndi ankhondo a Iida Sadamu. M'buku la Bradford, Jack Fletcher, mnyamata wa ku England wa zaka 12, akuona bambo ake akuphedwa pa sitima ya pamadzi m'chaka cha 1611. M'buku la Paterson, nkhani ikuyamba ndi maliro a mayi ake a Muna, pomwe bambo ake sanawaonepo chibadwire.

N'chifukwa chiyani alembi amachotsa makolo mwachangu chonchi? Chifukwa choyamba n'chakuti mwana amene ali ndi makolo saloledwa kuyenda ulendo woopsa. Kuti nkhani iyende, mlembi ayenera kugwetsa mpanda umene umateteza mwanayo. Chifukwa chachiwiri n'chokhudza Japan weniweniyo. M'nthawi ya ulamuliro wa banja la Tokugawa, kuyambira 1603 mpaka 1868, munthu kawirikawiri ankafera m'gulu limene anabadwiramo: msamurai, mlimi, mmisiri kapena wamalonda. Umasiye umamuchotsa mwana pamalo pake ndi kumusiya poyera, pomwe aliyense angathe kumutola.

Chizolowezichi si cha mabuku a asamurai okha. Vladimir Propp, m'kafukufuku wake wa nthano za ku Russia wa 1928, anapeza zochitika 31 zomwe zimabwerezedwa m'nthanozo, ndipo choyamba pamndandanda wake ndi kuchoka kapena kumwalira kwa munthu wa m'banja. Nthano zathu nazo zadzaza ndi ana amasiye ozunzidwa amene pamapeto pake amapeza mwayi. Choncho mwana amene anakulira nthano salowa m'mabukuwa ngati mlendo.

Bambo wachiwiri ndi dzina latsopano

Mwana wamasiye sakhala yekha nthawi yaitali. Taro akutoledwa ndi Akiyama Nobutomo, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Takeda, ndipo atakula akupatsidwa dzina lakuti Murakami Harutomo. Tomasu akupulumutsidwa ndi Otori Shigeru amene akumutcha Takeo. Jack akutengedwa ndi Masamoto Takeshi ngati mwana wake. Chochititsa chidwi n'chakuti bambo wachiwiriyu amakhala ndi bala lake. Shigeru anataya mng'ono wake, ndipo Masamoto anataya mwana wake wamkulu. Kotero mwana wotoledwayo akulowa m'malo mwa wakufa, ndipo pamodzi ndi chikondi akulandiranso ngongole ya magazi yomwe sanaipange.

Buku la a Hoobler likusintha pang'ono chizolowezichi. Seikei, wa zaka 14, si wamasiye. Ndi mwana wa wamalonda ogulitsa tiyi, koma mtima wake uli pa usamurai. Atathandiza woweruza Ooka kufufuza za kubedwa kwa mwala wamtengo wapatali, woweruzayo akumutenga kukhala mwana wake. Apa alembi atsamira pa mbiri yeniyeni. Ooka Tadasuke anali woweruza wodziwika mumzinda wa Edo m'zaka za m'ma 1700, ndipo kutenga mwana wa banja lina kuti akhale wolowa nyumba inali njira imodzi imene munthu ankatha kukwerera gulu.

Amene akutsutsana ndi chizolowezichi mwaluso ndi Paterson. Dzina lakuti Muna limatanthauza wopanda dzina, ndipo mnyamatayu akupita ku likulu kukafuna bambo amene angamupatse dzina laulemu. Akukumana ndi Takanobu, msamurai wopanda mbuye, yemwe akumupatsa chiyembekezo kuti ndiye bambo ake ndipo akumutuma kuti akabe lupanga la Fukuji, mmisiri wosula malupanga amene anamusunga. Pamapeto Muna akubweza lupangalo ndipo akusankha kukhalabe ndi dzina lake lomwelija. Phunziro lake n'lakuti ulemu wa munthu suchokera kwa amene anam'bereka.

Mphunzitsi ndi ntchito zonyozeka

Chizolowezi chachitatu ndi cha maphunziro. Mnyamata amafika akufuna lupanga lero lomwe, koma mphunzitsi amamupatsa tsache. Taro akuyambira kukhitchini pansi pa wophika wotchedwa Togan, kenako akusamalira akavalo. Muna akugwira ntchito za pakhomo pa Fukuji osaloledwa kugwira nawo ntchito yosula. Jack akuyamba ndi lupanga lamtengo pa sukulu ya Niten Ichi Ryu mumzinda wa Kyoto. Phunziro ndi limodzi ponseponse: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphunzitsi wotereyu ali ndi gwero lake. Dzina la sukulu ya Jack latengedwa ku luso lomenya nkhondo ndi malupanga awiri la Miyamoto Musashi, amene anamwalira mu 1645. Musashi amene dziko limamudziwa anaumbidwa makamaka ndi Eiji Yoshikawa m'nkhani yaitali yomwe inkatuluka m'nyuzipepala ya Asahi Shimbun kuyambira 1935 mpaka 1939, n'kumasuliridwa m'Chingerezi mu 1981. M'nkhaniyo mnyamata wolusa akusanduka katswiri wodziletsa. Mabuku ambiri a achinyamata akuyenda m'mapazi amenewa.

Bradford wawonjezera zinthu za nkhani za kusukulu yogonera komweko: mnzake wokhulupirika, mtsikana wanzeru wotchedwa Akiko, mdani wa m'kalasi wotchedwa Kazuki, ndi mpikisano wa sukulu ziwiri pampondachimera. Sandy Fussell wa ku Australia, m'buku lake la White Crane la 2008, akugwiritsa ntchito sukulu yomweyo koma ophunzira ake ndi ana amene sukulu zina zinawakana. Wofotokoza nkhani, Niya, ali ndi mwendo umodzi, ndipo mnzake wina ndi wosaona. Apa chizolowezi chakale chasenza uthenga watsopano.

Lupanga ndi kulipsira

Lupanga m'mabukuwa si chida wamba. Ndi chizindikiro chakuti mwana wakula, ndipo nthawi zina limakhala ndi dzina, monga Jato, lupanga la Shigeru. Pambali pa lupanga pamakhala mdani amene anapha kholo. Kwa Jack ndi Dokugan Ryu, ninja wa diso limodzi, ndipo kwa Takeo ndi Iida. Mdaniyu amaoneka koyambirira, amasowa, kenako amatulukira kumapeto. Ndiye chingwe chomwe chimamanga tsatanetsatane yense wa nkhani.

Kulipsira imfa ya kholo kuli ndi maziko m'mbiri. M'nthawi ya Tokugawa munthu ankatha kupempha chilolezo kwa olamula kuti akasake amene anapha bambo ake, ndipo mchitidwewu unaletsedwa mu 1873. Nkhani yotchuka ndi ya asamurai 47 amene analipsira imfa ya mbuye wawo, Asano Naganori, yemwe analamulidwa kudzipha mu 1701. Komabe mlembi wa ana amakhala pamphambano: wowerenga akufuna kuti mdani afe, koma mlembi safuna kuti mwana asanduke chigawenga. Hearn akuthetsa vutoli popereka imfa ya Iida m'manja mwa mtsikana Kaede, amene akumupha podziteteza. Izi zikuonetsa kuti kulipsira kumakoka wowerenga, koma alembi ambiri amachita nako manyazi.

Mlendo wochokera kunyanja

Chizolowezi chachisanu ndi cha mlendo amene akusanduka msamurai. Gwero lake ndi William Adams, woyendetsa sitima wa ku England amene anafika ku Japan mu 1600 pa sitima ya Adatchi yotchedwa Liefde, nakhala mlangizi wa Tokugawa Ieyasu. James Clavell anaumba nkhani yake ya akuluakulu ya Shogun ya 1975 pa moyo wa Adams, ndipo Jack Fletcher ndi mdzukulu wa nkhani imeneyo. Ubwino wa mlendo kwa mlembi ndi woonekeratu. Popeza sadziwa kanthu, chilichonse chiyenera kufotokozedwa kwa iye, ndipo wowerenga amaphunzira naye limodzi kuvula nsapato pakhomo ndi kuwerama popereka moni.

Vuto limabwera pamene mlendo wa miyezi yowerengeka akupambana eni dziko amene anayamba luso lawo ali makanda. Pamenepo Japan amasanduka bwalo chabe lomwe mwana wa ku Ulaya akuonetserapo mphamvu zake. Komatu mlendo wa mbiri sanali Mzungu nthawi zonse. Yasuke, munthu wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 pamodzi ndi wansembe Alessandro Valignano, anatumikira Oda Nobunaga kuyambira 1581 mpaka 1582, ndipo olemba mbiri ena amati kwawo kunali ku Mozambique. Kurusu Yoshio analemba buku la ana lonena za iye mu 1968. Margi Preus, m'buku la Heart of a Samurai la 2010, anatembenuza chizolowezichi: mlendo ndi Manjiro, msodzi wachinyamata wa ku Japan amene anapulumutsidwa panyanja ndi sitima ya ku America mu 1841.

Zimene zizolowezi zimabisa

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choyamba chimene mabukuwa amabisa ndi anthu wamba. Asamurai sanafike ngakhale mmodzi mwa anthu khumi alionse a ku Japan, ndipo ankadya mpunga wa msonkho wa alimi. Mu 1588 Toyotomi Hideyoshi analamula kuti alimi alandidwe zida zawo. M'nkhani zambiri mlimi amaoneka pokhapokha mudzi wake ukamatenthedwa.

Chachiwiri ndi nkhani ya kukhulupirika. Mabuku ena amapereka bushido ngati malamulo okhazikika amene msamurai aliyense ankawatsatira chiyambire. Koma chithunzi chimene mayiko a kunja ali nacho chinafala kwambiri kudzera m'buku limene Nitobe Inazo analemba m'Chingerezi mu 1899, usamurai utatha kale. Mbiri ikuonetsa zina. Nobunaga anafa mu 1582 atagalukiridwa ndi mkulu wake wa nkhondo, Akechi Mitsuhide, ndipo pa nkhondo ya ku Sekigahara mu 1600 Ieyasu anathandizidwa ndi Kobayakawa Hideaki amene anasintha mbali nkhondo ili mkati.

Chachitatu ndi mfuti. Apwitikizi anafika nazo pachilumba cha Tanegashima mu 1543, ndipo mu 1575 zinathandiza kugonjetsa gulu lankhondo la Takeda ku Nagashino. Koma mfuti sifuna zaka zambiri za maphunziro pamapazi a mphunzitsi wanzeru, choncho nkhani zambiri zimaikankhira kumbali kapena kuipereka kwa anthu oipa.

Mawu omaliza

Taona kuti umasiye, bambo wachiwiri, mphunzitsi, kulipsira ndi mlendo ndi mizati yomwe nkhani za asamurai za achinyamata zaimapo. Kubwerezabwereza pakokha si kulakwa, pakuti nthano nazo zimabwereza ndipo ana amazikonda chifukwa chomwecho. Zizolowezizi zimayankha funso lenileni la wachinyamata: ndine yani, nanga ndani andilandire? Kusiyana kwa mlembi waluso ndi wongotsatira kuli pa zimene amachita ndi chizolowezicho. Paterson akukana kumupatsa Muna bambo waulemu, Haugaard akuonetsa mbuye wa Taro akugonja ndi kuphedwa, ndipo Fussell akupereka lupanga kwa ana amene ena anawataya.

Popeza mabukuwa analembedwa ndi anthu akunja, mwana amene akuwawerenga akuona Japan kudzera m'maso a mlendo wina. Mphunzitsi wa zolembedwa asawaletse, koma apemphe ophunzira ake kuti alembe mndandanda wa zizolowezi zomwe azipeza, afunse kuti ndani wasowa m'nkhaniyo, ndipo ayerekeze ndi mbiri. Wophunzira amene wazindikira chizolowezi m'buku la asamurai adzachizindikiranso m'nthano, m'kanema, ngakhale m'nkhani imene iye mwini adzalembe.